Basi Nambala 14 ya ku Ngwenya

Ndivomereretu kuti musavutike n'kufufuza: basi nambala 14 yopita ku Ngwenya ndinaipanga ndine. Inalibe matayala, inalibe dalaivala, ndipo palibe anaimvapo ikulira. Ndinaitaipa ndi zala ziwiri pa taipilaita ya ku ofesi ya parishi, masana a Lachiwiri, akalaliki atapita kukadya. Ndinali Fomu 3, tili pa holide ya Khirisimasi, ndipo mutu wanga unalibe ntchito ina.

Zinayamba chonchi. Bambo anga, amene anaphunzitsa ana kwathu ku Mua mpaka anthu anaiwala dzina lawo n'kumangoti "aphunzitsi", anawasamutsira ku Lilongwe kukagwira ntchito ya mu ofesi ku Kapitolo. Atsibweni a Lusiyano, alongo awo a mayi, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina m'tauni, anatilembera kuti apeza nyumba ziwiri. Ina ku Kawale: zipinda ziwiri, pabwalo posakwana kuyanika mphasa, koma siteji ya basi ili pakhomo penipeni. Ina kuseri kwa Ngwenya: zipinda zitatu, malo olima, mtengo wa mapeyala, ndi kanyumba kapadera kumbuyo kokhala ndi chitseko chakechake. Mwini nyumba ya ku Kawale anati atidikira mpaka Loweruka la sabata yotsatira, thwelofu koloko masana. Ikangokwana, makiyi apereka kwa wina. Za mabasi a ku Ngwenya atsibweni anati afunsa kaye, alembanso.

M'kalata yonseyo ine ndinangomva za kanyumba kachitseko. Ku Kawale ndikanamagona pabalaza ndi ang'ono anga atatu, ndipo wamng'ono kwambiriyo anali asanasiye kunyowetsa mphasa. Mayi nawo maso anali pa malo olimawo. Koma Bambo anali ndi bondo lawo. Anagwa pa njinga potsika chitunda cha ku mishoni ine ndili khanda, ndipo chiyambire pamenepo akayenda mtunda bondolo limatupa ngati papaya.

"Nyumba yanga ndi imene basi ikufikako," anatero. "Bondo ili silidya mapeyala."

Makalata ku positi ofesi ya pa Mtakataka ndinkakatenga ndine. Kalata yachiwiri ya atsibweni itafika, ndinaitsegula ndi nthunzi ya ketulo. Munali kapepala ka mizere iwiri: ku Ngwenya basi kulibe, anthu amayenda wapansi. Kapepalako ndinakulungira mtedza. M'malo mwake ndinaikamo taimutebulo yanga: basi nambala 14, kuchokera ku depoti, pafupi ndi mpopi wa madzi, theka la ola lililonse, kuyambira hafu pasiti faifi m'mawa mpaka sikisi madzulo. Za mpopizo ndinangoganiza kuti depoti iliyonse iyenera kukhala nawo.

Chimene ndinatayirapo nthawi ndi chidindo, chifukwa Bambo ndinkawadziwa. Ndinatenga silipasi imodzi ya mayi, ndinachekako kozungulira ndi lezala, ndinagoba zilembo motembenuza ndikuyang'ana pagalasi, kenako n'kunyika m'mankhwala a jivi amene mayi ankasunga, poti ankagwira ntchito m'wodi kuchipatala. Chidindo chinatuluka bwino koopsa. Chala changa chachikulu nachonso chinatuluka chapepo, ndipo sopo anachilephera.

"Chala chatani?" anafunsa mayi.

"Ndadzicheka ndi lezala, ndiye ndapaka jivi."

Za silipasi, mlandu unagwera galu.

Bambo anawerenga pepalalo kawiri, atavala magalasi. Sanadabwe kuti mulibe mawu a atsibweni, poti munthuyo singano ankaikonda kuposa cholembera. "Za pamanja munthu akhoza kunama," anatero, "koma izi n'zotaipa, ndipo pali chidindo." Analamula kuti tinyamuka Lachisanu, iwo ndi ine wonyamula chikwama. Tikakwera fotiniyo, tikaona nyumba, ndipo ikakawakomera tikawauza a ku Kawale kuti apereke yawo kwa ena.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti nzeru zanga zonse zinathera pa chidindo. Ndinkati Bambo akakangoona mtengo wa mapeyala mtima ukagwa. Zoti munthu sangakwere basi imene kulibe sindinaziganizepo. Koma Lachisanu linali kutali, ndipo ine nkhawa za mawa sizinandisowetsepo tulo.

Tinatsika ku Mua pa ngolo ya mnzawo wa Bambo, ndipo pa Mtakataka tinafika sikisi isanakwane. Basi yochokera ku Balaka ankati imadutsa seveni. Seveni inakwana, kunadutsa mbuzi. Eyiti, kunadutsa thirakitala. Kutentha kunayamba kale, ntchentche zili pa makoko a mango, Bambo akuyenda uku ndi uku, diso pa wotchi.

"Aphunzitsi, khalani pansi. Basi siopa wotchi."

Anali mayi wina wamkulu thupi, atakhala pa dengu limodzi la usipa, ena awiri ali pambali. Dzina lawo anati Abiti Saidi; ankagula nsomba kunyanja n'kukagulitsa pamsika waukulu ku Lilongwe. Anandiyang'ana kuyambira kumutu, maso n'kuima pa dzanja.

"Iwe Chala, tandisuzumirira madenguwa ndikamwe madzi. Ukatolapo ndidziwa, ndinawerenga mitu."

Dzina limenelo linandikakamira ulendo wonse.

Basi inafika teni itadutsa, itapendekera mbali imodzi ndi katundu. Madengu a Abiti anakwera pamwamba ndi mkangano wake. Kondakitala atafika pa ife, ine ndinali nditapinda kale maondo.

"Mwanayu ali sitandade chani?"

"Faifi," ndinayankha ndi kamawu kakang'ono.

"Imirira bwino, Ginasiyo," anatero Bambo. "Ali Fomu 3 uyu, onani ndevu zayamba. Mudule tikiti yathunthu."

Basi yonse inaseka, ndipo kondakitala anandigwira chibwano kufuna ndevuzo.

Tinapeza malo kumbuyo. Abiti anakhala kutsogolo kwathu, ndipo mbali inayo kunali bambo wina wovala tayi m'kutentha konseko, nsapato zake zili m'jumbo pamiyendo kuopa fumbi. Ankagwira ntchito ku Kanengo. Ine ndinangowatcha a Tayi. Tisanafike patali, Abiti anatembenuka.

"Ndiye ku Lilongweko mukakhala kuti, aphunzitsi?"

Mukafuna kuti basi ya ku Lilongwe iyambe kulankhula, funsani funso limenelo. Aliyense anali ndi dera lake ndi bala lake.

"Ine ndinayambira ku Chinsapo, mkati mwenimweni," anatero Abiti osadikira yankho. "Nyumba yaikulu, yotchipa. Koma madengu atatu, mutu umodzi, msewu uli kutali. Pofika pamsika anzanga agulitsa kale, ine ndikugulitsa ntchentche. Ndinathawira ku Mchesi. Kachipinda ngati khola la nkhunda, koma ndikayetsemula a pamsika amati pepani."

"Ku Mchesi n'kwa phokoso," anatero a Tayi. "Ife ku Eriya 25 nyumba n'zolongosoka, madzi a pampopi, basi ilipo."

"Nanga mumadzuka nthawi yanji?"

A Tayi anakonza tayi. "Foro."

"Ehe! Nenani zonse."

"Ukachedwa pang'ono imadutsa itadzaza, kondakitala akukubayibitsa. Ana anga amandiona Lamulungu lokha. Wamng'onoyo tsiku lina anathamangira kwa mayi ake kuti kwabwera alendo."

Mkulu wina kutsogolo, mlonda, anakuwa kuti iye anasiya kudalira galimoto za anthu. Nyumba amasankha poyesa mapazi ake, ola limodzi basi, kupitirira apo ngakhale yaulere saifuna. Mayi wina anati iye anakana ukwati wa mwana wake atamva kumene mnyamatayo ankakhala, poti mdzukulu akadwala usiku adzamunyamula pa chiyani. Bambo ankangogwedeza mutu ngati munthu amene mayeso anawaona kale.

"Zonsezi n'chifukwa chosafufuza," anatero. "Ine ndili ndi pepala."

Dzanja lawo linalowa m'thumba la jekete. Pansi pa mpando wa Abiti panali nkhuku ya munthu wina, miyendo yomangidwa ndi luzi. Ndinawerama ngati ndikumanga nsapato, n'kumasula luzilo.

Nkhuku imeneyo Mulungu aidalitse kumene ili. Inauluka molunjika pa chifuwa cha a Tayi, inaponda mutu wa mlonda, inakazungulira kwa dalaivala n'kubwerera. Amayi kukuwa, ana kuseka, mwini wake kulira kuti tsekani mawindo. Kondakitala anaigwira mchira, nthenga zinatsala m'manja, nkhuku inapitirira. Pamene ankaimanganso, tayi inali itasintha mtundu, ndipo pepala linali litabwerera m'thumba.

Ndinangogula ola limodzi. Tisanafike pa Chipoka tinapeza magalimoto ataima mndandanda. Mvula inagwa kumapiri a Dedza usiku, ife kumunsi osaiona n'komwe, ndipo kamtsinje kena kanadzaza mpaka kudutsa pamwamba pa mlatho. Dalaivala wathu anatsika, anathyola kamtengo, anakazika m'mphepete mwenimweni mwa madzi, n'kukagona pansi pa basi.

"Madzi akachoka pa kamtengoko mapazi atatu, mundidzutse."

Tinakhala tikuonerera kamtengo. Anthu oposa makumi asanu, ena ophunzira ndithu, maso pa kamtengo. Ndinalakalaka kukasuntha, koma ngakhale ine ndili ndi malire. Madziwo ankadutsa ndi nthochi zathunthu. Anyamata a m'mudzi wapafupi anabwera ndi chimanga chootcha, mtengo wake n'kumakwera dzuwa likamapendeka. Mlonda anagona chokhala, mmene amagonera kuntchito. Pamenepo, pansi pa mtengo wa mlambe, popanda nkhuku yoti indithandize, Bambo anatulutsa pepala.

"Ife tikukhala ku Ngwenya. Basi yake ndi iyi."

Abiti anasiya kutafuna. "Ku Ngwenya? Wallahi, aphunzitsi, ine m'tauni muja ndakalambiramo. Chimene ndinaona chikupita ku Ngwenya ndi malole a miyala."

"Mayi, mumawerenga?"

"Ayi. Koma ndimaona."

"Ndiye tiwapatse owerenga."

Pepala linapita kwa a Tayi. Anavala magalasi, analitalikitsa, analiyandikitsa, anakanda chidindo ndi chikhadabo. Anthu anali atawazungulira, ndipo munthu wa tayi sanganene pagulu kuti sadziwa za m'tauni mwake.

"Ee, fotini," anatero. "Yatsopano imeneyi. Ndimaiona. Yobiriwira m'mbalimu."

Ndinatsamwa ndi chimanga mpaka mlonda anadzuka kundimenya pamsana. Mtunduwo sindinaupange ine! Basi yanga inali itapeza penti, ndipo wina kumbuyo anawonjeza kuti anamva kuti mipando yake ndi yofewa.

"Chabwino," anatero Abiti, akubwerera ku chimanga chawo. "Mukakaikwera mukandiperekere moni kwa dalaivala wake."

Madzi anachoka pa kamtengo dzuwa litapendeka kwambiri. Tinawoloka amuna tikuyenda kutsogolo kwa basi, mathalauza atapindidwa, a Tayi atanyamula jumbo la nsapato pamutu. Bambo anawoloka atandigwira phewa, ndipo ndinamva mmene ankalemerera mbali ya bondo lija. Ku Salima tinafika basi yomaliza ya ku Lilongwe itapita kalekale.

Tinalowa m'karesitihausi kena pafupi ndi siteji. Bambo anapempha madzi otentha, anakhala pa bedi n'kumathowa bondo ndi kansalu.

"Tsiku latithera panjira," anatero, "koma palibe kanthu. Fotini ndi ya theka la ola lililonse. Tikafika naini, teni tili ku Ngwenya, leveni tabwerako." Anafinya kansalu. "Kanyumba kakumbuyoko ndi kako, Ginasiyo. Chaka cha mawa ndi cha mayeso. Uzikawerengeramo popanda ana kukusokoneza."

Ndinamva kanthu kakundikanda pamtima. Kanatha titadya.

Loweruka basi ya sikisi inanyamuka seveni, zimene Abiti anati n'kufulumira. Inathamanga bwino pachigwa, koma itayamba kukwera mapiri inayamba kubuula ngati ng'ombe yokoka ngolo ya mchenga. Munthu wa njinga anatipitirira, n'kutipatsa moni. Chakufupi ndi Chezi, kutsogolo kunatuluka nthunzi, dalaivala anazimitsa, kondakitala analumpha kukaika mwala kutayala.

"Ladiyeta yawira! Achinyamata, zigubu izo, mtsinje uli kumunsiko."

"Wa tikiti yathunthu uja ali kuti?" anakuwa Abiti. "Chala! Ndevu zigwire ntchito."

Ndinatsika chigwembe katatu ndi chigubu. Ulendo wachitatu ndinamwaza madzi pang'ono pafupi ndi a Tayi, mwangozi, ndipo ngoziyo ndinaikonza bwino. Pa Kanengo anatsika atavala nsapato zawo tsopano, n'kuweramira pawindo la Bambo.

"Fotini mukaipeza. Musakakhale kumbuyo, imadumpha."

Mzinda sindinauone bwino, poti maso anga anali pa wotchi ya Bambo. Tinalowa m'depoti kota tu teni. Abiti anapeza anyamata onyamula madengu n'kulowera kumsika, umene unali pafupi pomwepo. Ndinapemphera kuti mpopi pasakhale, mwina Bambo akanafunsa wina n'kumva zoona kwa munthu amene si ine. Koma mpopi unalipo, ukudontha, kumapeto kwa depoti kumene sikuima basi iliyonse. Bambo anaima pambali pake, anaongola jekete, ine chikwama pamutu.

Kufunsa sakanafunsa. Anali ndi pepala.

Patapita kanthawi, mayi wina wosenza thumba la chimanga anaima. "Pepani bambo, mzere uwu ngwa kuti?"

"Wa ku Ngwenya, mayi. Nambala 14. Inyamuka teni koloko."

"Ku Ngwenya kwayamba basi?" Thumba linagwa pansi. "Anaphiri! Anaphiri, bwerani kuno! Atikumbuka!"

Anaphiri anabwera ndi anzawo awiri. Kenako mkulu wa malata atatu, mtsikana wobereka mwana, mnyamata wa batire ya galimoto paphewa. Aliyense wofika Bambo ankamuonetsa chidindo. Wina anati anamva pa wailesi. Wina anati mlamu wake anafunsira udalaivala wake. Awiri anakangana kuti anayamba kufika ndani, ndipo Bambo, pokhala mphunzitsi, anawaimika bwinobwino, amayi a ana kutsogolo. Mzere unakhota mpaka kuseri kwa ogulitsa mandasi.

Ndinene zoona, sindinanyadirepo ntchito ya manja anga ngati mmawa umenewo.

Teni inadutsa. Hafu pasiti teni inadutsa. "Zatsopano zimayamba mwa chipwirikiti," anatero Bambo. Leveni. Kumwamba kunayamba kuda. Mabasi a ku Kawale, a ku 25, a ku Likuni ankalowa ndi kutuluka mbali inayo, makondakitala akutiyang'ana modabwa.

"Mwina yawonongeka," anatero Bambo. "Tiyende wapansi lero lokha, tikaone nyumbayo. Mayi, n'kutali bwanji?"

Mayi wa chimanga uja anayang'ana mwendo wawo. "Ife timayenda maola awiri. Inu ndi mwendo umenewo mukafika nkhuku zikulowa."

Bambo anakweza thalauza pang'ono kuti amange bwino kansalu. Papaya linali litapsa, lonyezimira. Ndinawaona m'maganizo akutsimphina njira imeneyo m'mawa uliwonse, m'matope, ntchito yatsopano, mabwana atsopano. Wotchi inati twente pasiti leveni. Ku Kawale munthu anali ndi makiyi m'manja. Tikanyamuka wapansi, nyumba ya pa siteji yapita, ndipo Lolemba Bambo alibe poyambira.

Ndinatsegula pakamwa, ndithu ndinatsegula. Koma mvula inandipitirira. Dontho limodzi lalikulu linagwera pa chidindo penipeni. Bambo analipukuta ndi chala chachikulu, ndipo chidindo chonse chinatsetsereka n'kusanduka chithaphwi chapepo. Anayang'ana chala chawo. Anachinunkhiza. Munthu amene wakhala ndi mkazi wa m'wodi zaka zonsezo jivi samusowa.

"Ginasiyo. Onetsa chala."

Ndinaonetsa. Zala ziwiri, cha bambo ndi cha mwana, mtundu umodzi.

Kenako anafunsa motsitsa, "Silipasi ya amayi ako ili kuti?"

"Padenga la khitchini, Bambo. Ili ndi bowo limodzi lokha, ikhoza kuvalika."

Ndinkadikira khofi. Sanandimenye. Analoza mzere ndi chala chapepocho.

"Auze anthuwa. Wekha."

Ndinakwera pa simenti ya mpopi, ndinakonza kukhosi. "Amayi ndi abambo a ku Ngwenya! Pepani kwambiri. Basi nambala 14 kulibe. Ndinaipanga ndine, ku Mua, pa taipilaita."

Kenako Anaphiri anamanga nsalu m'chiuno. "Ngati unaipanga ndiwe, ndiye basiyo ndiwe! Werama tikwere!"

Mzere unaphulika, ena kuseka, ena kutukwana. Khoko la mango linandipeza pakhutu. Mkulu wa malata ankafuna andigwire, koma malata anamulepheretsa. Pakati pa phokosolo ndinamva kuseka kumene ndinkakudziwa: Abiti Saidi, akuchokera kumsika ndi dengu lopanda kanthu, atagwira m'mimba.

"Aphunzitsi, moni wanga munapereka?"

"Mayi, munanena zoona," anatero Bambo, atavula chipewa. "Ndikhululukireni. Ya ku Kawale timakwerera pati? Tatsala ndi mphindi makumi awiri."

"Iyo ikutulukayo!" Abiti anathamanga ngati mtsikana, anamenya basi m'nthiti ndi chikhatho. "Iwe Jemusi, imika! Pali wodwala mwendo ndi wodwala mutu!"

Inaima. Tinakwera, ine ndikukankha Bambo kumbuyo, chikwama chili m'mano. Basi yeniyeni, yonunkha dizilo, mipando yong'ambika. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero. Inatitsitsa monga ananenera atsibweni, pakhomo penipeni.

Atsibweni a Lusiyano anali pakhonde, thukuta kamukamu, tepi yoyezera ili m'khosi. Mwini nyumba anali ataima pachitseko akuseweretsa makiyi. Pansi pa mtengo panali bambo wina ndi wilibala yodzaza: matiresi, mbaula, mpando umodzi. Anabwera kudzadikira thwelofu.

"Alamu, munali kuti?" anakuwa atsibweni. "Ndinalemba kuti ku Ngwenya basi kulibe!"

"Nthawi yakwana kale," anatero wa wilibala. "Dzuwa lili pamutu."

"Kuli mitambo, dzuwa mwaliona kuti?" anatero atsibweni.

Panalibe wina wa wotchi pamenepo koma Bambo. Anatambasula mkono, mwini nyumba anawerama kuyang'ana: faifi tu thwelofu. Wotchi imene basi zonse za panjira zinainyoza inagwira ntchito yake tsiku limenelo. Makiyi anagwera m'manja mwa Bambo.

Wa wilibala anayamba kumanganso chingwe pa matiresi, nkhope ili pansi. Ndinamumvera chisoni.

"Achimwene, ku Ngwenya kuli nyumba yabwino," ndinatero. "Zipinda zitatu, mtengo wa mapeyala."

"Basi imafikako?"

Bambo anandigwira khutu ndisanayankhe. "Siifika," anatero. Kenako anapempha atsibweni kuti amuthandize munthuyo kufunsa nyumba ina m'derali, ndipo anapita limodzi, wilibala ikulira.

Chilango chinayamba masana omwewo. "Anaphiri aja anaweruza bwino," anatero Bambo. "Fotini ndiwe. Ulendo woyamba, pita ku Ngwenya ukawauze eni nyumba kuti sitibwera." Ndinayenda maola awiri kupita, awiri kubwera, m'matope ofika m'akakolo. Panjira ndinapitirira anthu anga a pamzere, ndipo Anaphiri anandisenzetsa thumba la mnzawo wa chimanga uja mpaka pakhomo. Kanyumba kachitseko kaja ndinakaona. Chitseko chinalipodi, cholimba bwino. Denga linalibe, ndipo munkagona abakha.

Titasamuka, Bambo anakhoma taimutebulo yanga pakhoma la pabalaza, chidindo chake chosungunukacho chili pomwepo. Holide yonse yotsala, nthawi iliyonse yolembedwa papepalapo, ndinkayenera kuima pakhomo n'kukuwa kuti, "Fotini! Alipo wokwera?" Wokwera sankasowa: ndowa ya madzi, chimanga cha kuchigayo, makala, uthenga wa kwa atsibweni, mng'ono wanga wofuna kuberekedwa. Mayi ankandituma atavala silipasi yabowo ija dala, chidendene chikusuzumira pansi. Ana a mu mzere wathu ankandithamangira kumbuyo akuliza hutala ndi pakamwa, ndipo mpaka ndinabwerera kusukulu palibe ku Kawale ankadziwa kuti dzina langa ndi Ginasiyo.

Pabalaza ndinagona, mphasa inanyowa monga ndinkaopera. Koma malo anga anali pawindo, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaona Bambo akutuluka ndi jekete lawo, mapazi khumi ndi limodzi kuchoka pachitseko kufika pa siteji, osatsimphina. Ankaima pamenepo n'kumayang'ana wotchi, chifukwa basi ya ku Kapitolo inkachedwa tsiku ndi tsiku. M'Lilongwe monse, basi yosunga nthawi ndinali ine ndekha.

Ansembe atandifunsa ngati ndikumva chisoni ndi zimene ndinachita, ndinati inde, ndipo sindinaname. Theka la ola lililonse! Ndikanadziwa ndikanataipa kawiri pa tsiku.